Tadzuka Pang'ono

Nyali ya Mkumano itayaka, mpando umene unali wopanda munthu unayamba kudzaza. Kuwala kunayambira ku nsapato, kunakwera m'miyendo, mpaka a Kaliwo athunthu anakhala pamenepo, atavala juzi yawo yotha m'zigongono, akusisita bondo monga mwa masiku onse. Eni akewo anali kwawo ku Ntcheu, koma mthunzi wawo unali pano, pakati pa nyanja ya mchere, m'chipinda cha akazi awo m'sitima ya Nthanda.

"Mwadzuka bwanji, a Kaliwo?" anafunsa a Nangozo, manja atawapinda kuti asaiwale n'kuwagwira, poti dzanja limangopyola.

"Tadzuka pang'ono," anayankha a Kaliwo. "Bondoli likukoka, pamtimapa ngati wina wakhalapo. Kaya inu anthu a pamadzi."

A Nangozo anaseka. Chikwatiraneni, bamboyu anali asanadzukepo bwino ndi tsiku limodzi lomwe. Ngakhale m'mawa wa ukwati wawo anadzuka pang'ono, ati nsapato zinkawathina. Matenda a mtima atadzabwera ku ukalamba kuno, anapeza mawuwo ali kale pakamwa, ndipo a Nangozo ankapemphera kuti asadzafe asanamve amuna awo akunena kuti adzuka bwino.

Nyali zimenezi zinkayenda ziwiriziwiri. Ina inali pa tebulo la m'sitima, inzake pamwamba pa kabati m'chipinda chochezera ku Ntcheu. Zikayaka, wa kuno ankaonekera uko, wa uko n'kuonekera kuno, wamtali monga alili, mawu ake osasintha. Ukakanda mutu m'sitima, mthunzi wako umakandanso mutu kumudzi. Anthu a nthawi imeneyo anazolowera zimenezi moti ena ankakambirana za chinkhoswe mkamwini ali ku Mwezi.

Sitimayo inali tauni yoyandama. Inkayenda ndi dzuwa ndi mphepo, munali misewu, munda wa malalanje, tchalitchi, ngakhalenso dziwe losambira, zimene a Nangozo ankati n'kusowa chochita, kutunga madzi kukawaika pamwamba pa madzi. Otumikira alendo sanali anthu, anali maloboti otchedwa akalinde, a nkhope yomwetulira yosatopa. Aliyense anali ndi kalinde wakewake wodziwa kuti tiyi amamwa wa shuga wotani.

Ulendowu anakonza ndi Sungeni, mwana wawo yekhayo, amene ankayendetsa makina okweza katundu pa doko la Nacala. Anafuna kuti makolo ake onse awiri akadyere Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano panyanja, koma a Kaliwo anakanitsitsa.

"Ine madzi ndimawafuna m'kapu," anatero. "Nanga nkhunda zanga azidyetsa ndani? Pitani inu, a Nangozo. Mwandidwazika mokwanira, kaonenikoni dziko."

A Nangozo anavomera atauzidwa chinthu chimodzi, chakuti sitimayo ili ndi tindege tating'ono totha kuthamangitsa munthu kumtunda zikavuta. Anawagwira dzanja amuna awo n'kuwalumbiritsa kuti mtima ukangoyamba zake awaitane, iwo adzabwera ngakhale nyama ili pakamwa. Sungeni, powaperekeza pa doko, anawanong'oneza kuti wawasankhira dongosolo lapamwamba lotchedwa Tchuthi Chopanda Nkhawa. Iwo anangoganiza kuti ndi nkhani ya mapilo ofewa.

Masiku oyamba anapita mokoma. M'mawa uliwonse a Kaliwo ankaonekera n'kudandaula za bondo, za mvula yochedwa, za mphaka wa a neba wozungulira khola la nkhunda. Koma kutatsala tsiku limodzi kuti Khrisimasi ifike, Nyali inayaka ndipo a Kaliwo anakhala tsonga, manja ali pa ntchafu, osakhudza bondo.

"Mwadzuka bwanji, a Kaliwo?"

"Ndadzuka bwino kwambiri, a Nangozo."

Kapu ya tiyi inatsala pang'ono kuwapulumuka a Nangozo. Anafunsanso, poganiza kuti makutu awanamiza, ndipo yankho linabwera lomwelo. Pamenepo anakumbukira mankhwala atsopano amene adokotala anawapatsa amuna awo mwezi watha, nagwada pambali pa bedi kuthokoza Mulungu, misozi ili mbwembwembwe. Munthu akalakalaka chinthu zaka zambiri, chikafika sachifunsa kuti chadzera njira iti.

Tsiku la Khrisimasi phwando linachitikira pabwalo la pamwamba pa sitima, dzuwa lili paliwombo. Makina ankagwetsa tinthu toyera tozizira tonga ufa pakati pa kutentha konseko, ana n'kumatiwakha ndi lilime. Akalinde anagawira alendo zipewa zapepala zofiira, ena mwa iwo akuimba malipenga ndi ng'oma. Kalinde wa a Nangozo ananyamula Nyali n'kuiika pa tebulo lawo, kuti bambo nawonso adye nawo tsikulo.

Ndiye kunachitika zimene a Nangozo anali asanazionepo chiyambire cha matenda. A Kaliwo anaimirira opanda ndodo, natambasula dzanja.

"Tiyeni tivine, a Nangozo."

"Inuyo? Ndi bondo lija?"

"Bondo lili bwino kwambiri."

Anavina mayiwo, osati masewera. Anamanga chitenje m'chiuno, chipewa chapepala chili pamutu, nakumbukira mapazi a pa utsikana wawo. Alendo a mitundu ina anawazungulira akuomba m'manja, iwo akuimba nthungululu imene inamveka mpaka ku dziwe losambira. Anaseka mpaka nthiti kuwawa, akuzungulira mthunzi wa amuna awo, ndipo anauza aliyense amene anali pafupi kuti Khrisimasi ngati imeneyi sinachitikepo.

Chinawadzutsa m'mawa mwake chinali kankhawa kosadziwika mutu wake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A Kaliwo dzulo lonse sananene kuti nyimbo zikusokosa, sanatchule mphaka, sanafunse ngati chakudya cha m'sitima chili ndi mchere wokwanira. Mankhwala angachiritse mtima, koma sangachotse khalidwe limene munthu wakalamba nalo. Nyali itayaka, a Nangozo anayang'anitsitsa nkhope ija n'kuyesa dala.

"A Kaliwo, ndaganiza kuti ndikabwera nkhunda zanu zonse tizidye. Zimangodetsa denga."

Bambo amene anakhalapo sabata osawalankhula chifukwa cha kamwana ka nkhunda kamodzi kophera mlendo anamwetulira.

"Mwaganiza bwino kwambiri, a Nangozo."

A Nangozo anatembenukira kwa kalinde amene ankakonza maluwa pa zenera.

"Iwe, wakhala apayu ndani?"

"Ndi bambo Kaliwo, mayi, monga mmene mumawakondera."

"Usandiyankhe ngati mwana. Amuna anga ali kuti?"

Kalinde anasiya maluwa, kumwetulira kuli pomwepo. "Mwana wanu anakusankhirani Tchuthi Chopanda Nkhawa. Pa dongosolo limeneli uthenga uliwonse wosautsa umadikira mpaka mlendo atatsika sitima. Ngati wa kumudzi sangathe kuonekera mosangalatsa, Nyali imamuumba yokha kuchokera ku mawu ndi mayendedwe ake akale, n'kuchotsamo madandaulo. Alendo ambiri amayamikira."

"Uthenga woterowo ulipo?"

"Ulipo wambiri, mayi."

"Tsegula. Tsegula pompano!"

A Kaliwo omwetulira aja anazimirira, ndipo m'malo mwawo munabwera chipinda chochezera cha ku Ntcheu. Mipando yonse anali ataitulutsa. Pansi panali mphasa, azimayi atakhala motsamira khoma, miyendo atatambasula, akuimba nyimbo ya pansipansi. Pakati pawo panali bokosi. A Nangozo analidziwa tanthauzo la chipinda chotero asanaone n'komwe bokosilo, chifukwa anakhalamo m'zipinda zambiri zotero za anzawo.

Nyimbo inadukira pakati. Sungeni anadzuka pa mphasa, maso atatupa, n'kukwawira pafupi ndi kabati.

"Amayi! Mukundimva tsopano? Amayi, mukundiona?"

"Ndikukuona, mwanawe. Bambo ako..."

"Anagwa pa khola la nkhunda. Dzana tsiku lonse anali m'chipatala, akulankhula ndithu. Akatsegula maso ankangofunsa kuti a Nangozo afika? Ine ndimati ali m'njira. Ndinaimba, amayi, ndinakuwa, sitima imangondiyankha kuti mlendo akusangalala." Anaphimba nkhope ndi manja. "Ndine ndinasankha zimenezi. Ndimafuna mupumeko."

Dzana. Tsiku limene iwo anagwada kuthokoza Mulungu kuti amuna awo adzuka bwino, amuna awo anali pa bedi la chipatala akuyang'ana ku chitseko. Kandege kanali pamwamba pa sitima pomwepo, kali phee, ndipo kakanawafikitsa munthu akupuma.

"Nanga dzulo?" anafunsa a Nangozo, atayamba kale kuzindikira.

Anayankha ndi a Felista, mlongo wawo wa a Kaliwo, amene anali atakhala kumutu kwa bokosi. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Dzulo tinakuonani, alamu. Mwanayu anakana kuzimitsa Nyali, ati mwina mungamve. Thupi litangolowa m'nyumba muno, inu munatulukira apa, pambali pa bokosi la achimwene, chipewa chofiira chili pamutu. Munavina. A mpingo analipo, a kuchimuna onse analipo. Tinaphimba Nyaliyo ndi chitenje, koma mawu sanaphimbike. Ife tikuimba ya maliro, inu mukuimba nthungululu."

"Sindimadziwa, alamu. Mulungu ndi mboni, sindimadziwa. Ndimavina ndi iwowo."

"Iwo anali m'bokosi umu."

M'chipindamo munalibe amene anawayang'ana. Azimayi amene anapalira nawo minda, amene anaphika nawo pa maliro a ena, onse anazolika. A Nangozo anagwada pa kapeti yofewa ya m'sitima, ndipo mthunzi wawo unagwada pa simenti ya nyumba yawo. Anatambasula dzanja kuti akhudze bokosi, dzanjalo linapyola.

"Ndidikireni. Ndikwera kandege."

"Adzukulu amaliza kale kukumba, alamu. Kunja kukutentha, thupi silingadikirenso."

"Ndiye nyamulani Nyaliyi popita ku manda. Ndiwaperekeze ngakhale choncho. Ndikupemphani."

A Felista anaimirira pang'onopang'ono, nakonza chitenje chawo.

"Mthunzi wanu wachita mbali yake pa maliro ano. Ku manda kumapita anthu."

Anayandikira kabati. Sungeni anafuula kuti "Azakhali, ayi!" koma chipindacho chinazima, ndipo a Nangozo anapezeka atagwadira mpando wopanda munthu. Analira mokweza monga amalirira mkazi amene amuna ake amusiya, koma makoma a m'sitima anawapanga osatulutsa phokoso kuti alendo asasokonezane, choncho palibe anabwera kudzawagwira. Kwathu timati maliro n'kulirana. Iwo analira okha, kalinde ataima pambali ndi kansalu kopukutira misozi.

Kalinde anati kandege kakhala kokonzeka masana, ndipo kakawafikitsa manda atakwiriridwa kale. A Nangozo anakhala pa bedi katundu atamanga, akuganiza za msewu wa kunyumba kwawo, mmene adzadutsire pakati pa anthu amene anawaona akuvina. Ena adzamvetsa kuti anali makina. Ena adzangogwedeza mutu, ndipo nkhaniyo idzakhala ikukambidwa pa chitsime iwo atapita kale. Koma chimene chinkawadya kwenikweni si manyazi ayi, chinali chitseko cha chipatala chija chimene sichinatseguke. Kunja kwa zenera akalinde anali pa makwerero, akupachika nyali za Chaka Chatsopano.

"Mayi," anatero kalinde mofatsa, "ndikuona kuti simukusangalala. Kodi ndiwabwezeretse bambo pamene mukudikira?"

A Nangozo anafuna kumutemberera. M'malo mwake anayang'ana mpando uja. Panalibenso kwina kulikonse pansi pano kumene akanaionanso juzi yotha m'zigongono ija ikupuma.

"Yatsa," ananong'ona.

Kuwala kunayambira ku nsapato, kunakwera m'miyendo. A Kaliwo anakhala tsonga, manja ali pa ntchafu, akuwayang'ana mwachikondi.

"Mwadzuka bwanji, a Kaliwo?"

"Ndadzuka bwino kwambiri, a Nangozo."

"Nenani kuti pang'ono," anapempha motero, misozi ikutsikira m'kamwa. "Kamodzi kokha. Dandaulani za bondo."

"Bondo lili bwino kwambiri."

A Nangozo anaweramitsa mutu pa tebulo pambali pa Nyaliyo. Moyo wawo wonse anapempherera kumva mawu amenewa, osadziwa kuti munthu amene sakumvanso kupweteka paliponse ndi amene watsogola kale.