Nsungwi ndi Buku la Kochi

Kwawo kwa Nsungwi kudali kwa mtendere. Bambo ake adali owotcherera zitsulo, mayi ake ankaphunzitsa kusukulu ya mkaka, ndipo m'nyumbamo munthu sankagwira mbale pemphero lisanathe, litalike bwanji. Dzina loti Nsungwi adampatsa ndi bambo akewo, ataona mwana wa zaka khumi ndi ziwiri akusintha babu la pabalaza osakwera pampando. Iwo omwewo adamuwotcherera mkombero wachitsulo pakhoma la kuseri, ndipo magalasi awiri a mawindo adasweka mwanayo asanaphunzire kuponya molunjika. Pofika zaka makumi awiri ndi chimodzi, mtsikanayu ankasewera basiketibolo yolipidwa m'timu ya Achikasu.

M'ligi yawo mudali matimu khumi, koma anayi apamwamba okha ndi amene ankalowa m'ndime yomaliza yolimbirana chikho. Nsungwi adali asanapondemo, ndipo chaka chimenecho adalumbira kuti zivute zitani, aseweramo. Nyengo itafika pakati, pamene matimu amasinthanitsa osewera, Achikasu adali pa nambala faifi. Pamwamba pawo penipeni padali Obiriwira.

Kuyambira pamenepo tebulo lodyera lidasanduka ofesi. Mapepala mbwee, timu iliyonse ndi tsamba lake.

"Taonani, bambo," adatero tsiku lina, akuloza ndi cholembera. "Oyera agula wamtali uja, ndiye pansi pa mkombero palibe wowalanda mpira. Kungoti apereka woponyera patali wawo, koma alowabe. Obiriwira atenga otchinga awiri, ndipo mwa masewero asanu ndi atatu otsala, asanu ali pakwawo. Nanga Achikasu? Agulitsa kaputeni n'kulandira kamwana ka bondo lomangamanga. Ine ndili m'basi yopanda mafuta."

"Basi ikatha mafuta okwera amatsika n'kukankha," adayankha bambo ake.

Mayi ake adasuntha mapepalawo kuti aike mbale. "Iwe mwana, wayamba liti kunena kuti 'agulitsa' ukamakamba za timu yako? Kale unkati 'tagulitsa'. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maso akowa achuluka pa za eni."

Nsungwi adangoti, "Amayi, inu za mpira simuzidziwa," n'kupitiriza kulemba.

Munthu akayamba kusuzumira kunja, womutsegulira zenera sasowa. Kunja kwa holo yochitira masewero kunkakhala bambo wina wogulitsa osewera, amene aliyense ankamutcha Mafoni chifukwa ankayenda ndi mafoni awiri ndipo onse ankalira nthawi imodzi. Lachiwiri adamuitanira Nsungwi pakashopu ka zakumwa, n'kuyala mafoni ake patebulo.

"Msika utsekedwa Lachisanu, achemwali. Obiriwira atsala ndi malo amodzi, ndipo owafuna ndinu atatu. Muli ndi chiyani chimene enawo alibe?"

"Ndimadumpha kuposa onsewo."

"Kudumpha ngakhale chule amadumpha. Kochi wanu ali ndi buku."

Bukulo Nsungwi ankalidziwa. Lidali lachikuto chakuda, ndipo m'menemo kochi wa Achikasu ankajambulamo njira zonse zoyendetsera mpira pamodzi ndi zizindikiro zake: akagwira khutu, wakuti athamangire uku, akakweza zala ziwiri, mpira upite uko. Kochiyo adali mayi wachikulire amene adamutola Nsungwi pabwalo la sukulu. Ankamukhulupirira kwambiri moti adamupatsa kiyi wa ofesi, popeza ndiye ankafika m'mawa kuposa onse.

"Kumeneko n'kuba," adatero Nsungwi.

Mafoni adaseka mpaka kutsokomola. "Kuba ndi kuchoka ndi chinthu cha mwini. Bukulo litsala pomwepo, inu mungolijambula pa foni. Obiriwira akumana ndi Achikasu sabata zitatu zikubwerazi, ndipo wopambana ndiye alowa. Mwawerengera nokha. Mukufuna kudzaonera ndime yomaliza kachitatu pa kanema?"

Lachiwirilo adakana. Lachitatu adatulutsanso mapepala ake, n'kuwerengera kuchokera pamwamba, kenaka kuchokera pansi, ndipo yankho lidali lomwe lija. Lachinayi m'mawa, wosesa asanafike, adatsegula ofesi, n'kukoka dirowa. Masamba adalipo makumi anayi ndi limodzi. Ena adawajambula kawiri, ndipo sadasiye ngakhale limodzi. Khama lija limene linkamudzutsa mbandakucha kukaponya mpira ndi lomwelo limene lidamuthandiza kuba mosadumpha tsamba.

Akutseka chitseko adakumana ndi kochi pakhonde.

"Wandiposanso kufika, mwana wanga," adatero mayiwo, akumusisita paphewa. "Anzako akanakhala ngati iwe, bwenzi tili pamwamba."

Mawu amenewo adamulasa mumtima, koma foni idakhalabe m'thumba.

Lachisanu masana nkhani idamveka pa wailesi kuti Obiriwira atenga Nsungwi. Adafika kunyumba akuvina ndi malaya atsopano m'manja. Bambo ake adali kuseri, akupala chitseko chachitsulo. Adavula magalasi awo a pantchito n'kumuyang'ana.

"Unati ofuna malowo munali atatu. Akusankha iwe bwanji?"

"Luso, bambo."

"Tandiyang'ana kuno."

Nsungwi adayang'ana malayawo.

"Tamvera, mwana wanga. Ukawotcherera pa dzimbiri, chitsulo chimaoneka cholimba mpaka tsiku losenza katundu. Ngati pali chimene wanyamula chosakhala chako, kabweze lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

"Bambo, ine ndikukasewera ndime yomaliza. Mundisangalalire, basi."

Tsiku la masewero aakulu aja lidafika, holo itadzaza mpaka m'makwerero. Nsungwi adasewera mphindi zisanu zokha, kenaka adakhala pabenchi n'kumaonera ntchito ya manja ake. Kochi wa Achikasu akagwira khutu, Obiriwira amakhala ataima kale pamene mpira ukupita. Akakweza zala ziwiri, mpira umathera m'manja mwa adani. Atsikana a Achikasu adayamba kukalipirana okhaokha, kamwana ka bondo lomanga kaja kadagwetsa misozi. Chakumapeto mayi aja adasiya kupereka zizindikiro. Adapinda manja, n'kuyang'ana kubenchi ya Obiriwira, osaphethira. Achikasu adagonja ndi mapointi makumi awiri ndi awiri, ndipo mwayi wawo udathera pomwepo.

Obiriwira adalowa m'ndime yomaliza monga momwe mapepala a Nsungwi adanenera. Iye ankayenda ngati pansi pali masipuling'i. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sadafune kuona kuti akalowa m'chipinda chosinthira zovala, anzake ankatseka zikwama. Sadafunse chifukwa chimene ankatumizidwa kukanyamula zitsulo nthawi iliyonse kochi watsopano akaitana timu kuti ikambirane njira zatsopano.

Lolemba la sabata ya ndime yomaliza, pachitseko padamatidwa pepala la mayina khumi ndi awiri a osewera amene alembetsedwa ku ligi. Nsungwi adaliwerenga katatu, chala chikutsika mzere ndi mzere. Dzina lake padalibe.

Adalowa mu ofesi osagogoda. Kochi wa Obiriwira, bambo wamfupi wa mawu ochepa, atamuona adayamba watseka dirowa ndi kiyi, kiyiyo n'kuika m'thumba.

"Akochi, pachitika cholakwika papepala paja."

"Palibe cholakwika. Masamba ako aja adatithandiza, zikomo. Koma sabata ino ndikugawa zinsinsi zanga, ndipo chaka chamawa iwe ukhoza kudzakhala kwa Oyera. Mayi amene adakulera pa mpira udamutero. Ine ndine ndani wako?"

"Koma ndinachitira inu!"

"Unadzichitira wekha. Tseka chitseko ukamatuluka."

Ali pakhonde adaimbira Mafoni. Foni yoyamba idali yozima. Yachiwiri idalira kamodzi n'kudulidwa.

Madzulo ake adafotokoza zonse pabalaza, kuyambira pakashopu paja mpaka pa dirowa. Bambo ake adazyolika. Mayi ake adalira, ndipo atapukuta misozi adati, "Ife watiuza, koma sudabe zathu. Mawa ukudziwa kopita."

Kutacha adapita. Adawapeza kochi wa Achikasu akupopa mipira okha, ndipo adagwada pansi pomwepo.

"Amayi, ndine ndinajambula buku lanu."

"Ndinadziwa masewero asanafike pakati. Makiyi a ofesi anali ndi anthu awiri, ndipo winayo ndine." Adaika pampu pansi. "Sindinakunene chifukwa ndinkadikira kuona ngati mwana amene ndinamutola pasukulu paja akadalipo."

"Ndikhululukireni."

"Ine ndakukhululukira. Koma atsikana aja anathamanga miyezi isanu ndi umodzi, ena ndi maondo otupa, ndipo mpaka lero akuganiza kuti analephera chifukwa cha kupusa kwawo. Ali m'chipindamo akusintha. Ukawauze wekha. Ukatero, ulembe kalata yopita ku ligi ndi dzanja lako."

Mtunda wochokera pamenepo kukafika pachitseko chija udali mapazi makumi awiri okha, koma Nsungwi amati sadayendepo ulendo wovuta ngati umenewo. Adalowa, adaima pakati pawo, n'kunena zonse osabisa kalikonse. Palibe adamutukwana. Kamwana ka bondo kaja kadangofunsa kuti, "Ndiye tsiku lija ndikulira, inu achemwali munkadziwa?" Nsungwi adavomera ndi mutu, ndipo mmodzimmodzi adanyamula zikwama zawo n'kutuluka, kumusiya yekha.

Kalatayo adalemba tsiku lomwelo. Ligi idamuletsa kusewera zaka ziwiri, ndipo Obiriwira adalipitsidwa chindapusa n'kumuchotsa. Zaka ziwirizo zidatha kale, koma palibe timu imene yamuimbira. Wosewera wothyoka mwendo matimu amamudikira kuti achire, wakuba samudikira.

Inu achinyamata amene mukuwerenga, mverani. Kufunitsitsa chinthu chabwino si tchimo, ndipo khama ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Koma lamulo loti usabe silinena za ndalama ndi katundu yekha. Chinsinsi chimene munthu wakusungitsa ndi chake, ndipo ukachigulitsa wagulitsa dzina lako. Wokutuma kuba sadzakukhulupirira, chifukwa iyeyo ndiye woyamba kudziwa kuti ndiwe wakuba. Makolo akakufunsa kuti wazipeza bwanji, iwe n'kulephera kuwayang'ana m'maso, bwerera pomwepo. Nsungwi adalapa ndipo adakhululukidwa, koma ndime yomaliza ija sadaiseweremo mpaka lero.