Ekiselo ya Sitoko

Loweruka lina mu Ogasiti 1996, pa maloboti a msewu wochoka ku Wolverhampton kupita ku West Bromwich, Kondwelani anaponda moto mwamphamvu kuti anthu aone liwiro la galimoto yake yofiira. Pansi panamveka kuti khwa! Injini inkabangulabe, koma matayala anasiya kuzungulira. Kumbuyo kunali mchemwali wake Beatrice, atavala diresi la ukwati.

"Iwe Kondwa, tiye! Abusa akudikira."

"Pang'ono, achemwali."

Anasintha giya, koma galimoto sinasunthe. Am'mbuyo anayamba kuliza mahutala.

Galimotoyo inapangidwa mu 1953. Kondwelani, wophunzira wa pa yunivesite, anaigula ili chiphakasa. Mneba wake ku Whitmore Reans, makaniko wachingerezi dzina lake Rex, anamuthandiza kuikamo injini yaikulu. Tsiku lomwe anamaliza, Rex anagogoda ekiselo, chitsulo chozunguza matayala akumbuyo, nati, "Mind, this one's still stock."

Kondwelani anangogwedeza mutu. Kwawo ku Limbe, wasitolo akanena kuti katundu ndi wa mu sitoko, ndiye kuti ndi watsopano. Anaganiza kuti Rex wamuikira ekiselo yatsopano. Sanafunse, chifukwa anatopa n'kuoneka ngati mlendo wosamva Chingerezi.

Tsiku la ukwatilo Rex ankawatsatira pa vani yonyamula mipando ya ku madyerero. Anaima, nasuzumira pansi pa galimoto.

"Yathyoka," anatero m'Chingerezi. "Ndinakuchenjeza kuti ndi stock. Ndi yomwe ija inachokera nayo ku fakitale mu 1953. Anaipangira kainjini kakang'ono. Sikanapirira kunyamuka kotere."

"Ine ndimayesa mukunena kuti ndi yatsopano."

Beatrice anatulutsa mutu pawindo. "Umayesa? Wandinyamula pa tsiku la ukwati wanga ndi kuyesa?"

Wapolisi anafika n'kunena kuti mwini galimoto asachoke mpaka itakokedwa, popeza inatseka mphambano.

"Adadi ali ku Malawi," anatero Beatrice. "Wondiperekeza kutsogolo m'tchalitchi ndiwe. Ndipite ndi ndani?"

Kondwelani anachonderera wapolisi uja, koma anakana. Beatrice anakwinya diresi lake m'manja, nakwera vani ya Rex. Kondwelani anatsala pamsewu atavala suti, akukodola madalaivala kuti azilambalala. Wokoka galimoto atafika, Kondwelani anamuthandiza kumanga tcheni.

Anafika ku tchalitchi anthu akululutira panja. Beatrice anali ataperekezedwa ndi a Augustine, mkulu wa mpingo amene anangodziwana naye chaka chomwecho.

"Achemwali, pepani," anatero Kondwelani, akutambasula manja.

Beatrice anayang'ana zala zake zakuda ndi girizi, nabwerera m'mbuyo.

"Usandigwire diresi. Ima kumapeto uko, akujambula."