Tsitsi la Chidole

Dzuwa likulowa, mkazi wa Wazidole anakhala pakhonde ndi singano, akusoka chidole chachikazi chomwe chinang'ambika paphewa. Ntchitoyi sinkatha, chifukwa sewero la mwamuna wake kumsika linali lomwelomwelo. Iye ankabisala kuseri kwa nsalu, zidole atazivala m'manja, chachimuna n'kumamenya chachikazi ndi kamtengo, anthu n'kumafuula kuti, "Onjeza!" Ankaseka mpaka misozi, ngakhale amayi amene kunyumba kwawo ndodo ankaidziwa bwino.

Zigamba zovekera chidolecho mkazi wakeyo ankapempha kwa anansi. Mayi wogulitsa tomato anapereka duku lake lakale. Litatha sewero, m'mawa mwake anadzuka thupi lonse lili mikwingwirima, chonsecho anali wamasiye, wogona yekha. Sabata isanathe anthu anakamuika m'manda. Kenako mkazi wa telala, amene anapereka kansalu ka bulauzi, anayamba kulavula magazi. Oyandikana naye ankati madzulo ankamva phwa! phwa! m'nyumbamo, mwamuna wake ali paulendo. Nayenso anatisiya.

Mphekesera zinayamba kuyenda. Palibe anaperekanso chigamba, koma kusewero ankapitabe. Anthufe ndife otero.

"Bambo, bwanji mungosiya zomenyanazi?" anafunsa mkazi wa Wazidole.

"Ndinayesa dzana. Ndinaziimbitsa nyimbo, anthu onse anabalalika."

"Nanga tsitsi la chidole chachikazi lathothokali titani?"

"Mupeze chilichonse, mayi. Mawa ndi tsiku la msika."

Mayiyo anasakasaka m'nyumba, osapeza ngakhale ulusi wakuda. Zonena za anthu sankazikhulupirira kwenikweni, komanso sankafuna kuti mwamuna wake akachite manyazi pagulu. Anatenga sizasi, nadula tsitsi lake la kunkhongo, nalisokerera pamutu pa chidole. Kenako anamanga duku kuti mwamuna wake asaone.

Tsikulo msika unadzaza. "Onjeza! Onjeza!" Wazidole anaonjezadi, thukuta lili kamukamu kuseri kwa nsalu. Kamtengo katathyoka, anamva fungo la mafuta amene mkazi wake ankadzola kumutu. Chidole chinali chofunda m'dzanja lake ngati mwanapiye. Ndiye chinabuula, iye asanatsegule pakamwa.

"Bambo, basi."

Anthu anaomba m'manja poganiza kuti ndi luso.

Wazidole anathamangira kunyumba, nsapato n'kuvukira m'njira. Anampeza mkazi wake pakhonde pomwe paja, duku litagwa, thupi litazizira kale. Bambo wamkulu analira ngati mwana, ndipo onse omumva anagwidwa chisoni. Maliro atatha anatentha zidole zake, nachoka osaonekanso.

Mfiti sinadziwike. Ena amati anali mwini wakeyo, ena amati vuto linali mtengo umene anasemera zidolezo. Koma mpaka lero, msika ukamaweruka, pamalo paja pamamveka phwa! phwa! kenako chiseko cha khamu. Anthu amadutsapo mofulumira atatseka makutu, chifukwa aliyense amamvamo kuseka kwake komwe.