Mayina Opanda Utoto

Analowa ndi chisoti cha njinga yamoto kumutu. Sanachivule. Anatula katoni ya mapepala pakauntala, n'kusuzumira pasikirini ngati mwini shopu.

"Chimenecho n'chiyani? Nkhuku kapena ndege?"

"Nkhuku," anayankha mtsikana wa pakompyuta, osacheuka. "Ya wogulitsa mazira. Akakusainirani mutuluke, mukutchinga kuwala."

Mushopu yosindikiza zikwangwani imeneyi aliyense ankamuitana Namausi. Dzanja lake silinkachoka pamausi, ngakhale pomwa tiyi. Zizindikiro za mashopu, makadi, zomata pagalimoto, zonse zinkadutsa padesiki yake.

Mnyamata uja anavula chisoti. Anaseka.

"Nkhuku yopanda nyama? Ine ndikuona mafupa okhaokha."

"Ndangojambula mizere ya m'mbali. Utoto wam'kati sindinaike."

Namausi anadina kamodzi. Thupi la nkhuku linafiira. Anadinanso, mulomo unasanduka wachikasu. Anakhuthalitsa mzere wakuda wozungulira thupi lonse, nkhuku inaima njo, ngati ikufuna kutetera.

"Ee! Ufiti wa masana! Ndiphunzitseni, chemwali."

"Pitani mukapereke makatoni a eni."

Anapita. M'mawa mwake anabweranso, opanda katoni.

Abwana, mayi wa magalasi pamphuno amene anali mwini shopu, anamupatsa dzina tsiku lomwelo. Liwiro. Amati munthu wake sakhala pampando ndi matako onse awiri. Koma nthawi yopuma masana ikakwana, Liwiro ankaimika njinga pansi pa zenera, n'kukoka kampando kapulasitiki pafupi ndi Namausi. Apo ndiye ankakhazikika.

"Jambulani chilichonse," anatero Namausi.

Liwiro anajambula mtima. Unatuluka ngati mbatata yopondedwa ndi lole. Anasankha utoto wofiira, n'kudina. Palibe chinachitika. Anadinanso mwamphamvu.

"Yakana. Kompyuta yanuyi ili ndi tsankho."

"Musaphe mausi yanga. Simunatseke. Onani apa, nsonga ziwirizi sizinakumane. Chinthu chotsegula sichisunga utoto."

Anaika dzanja lake pamwamba pa la mnyamatayo. Anakoka nsonga imodzi pang'onopang'ono mpaka inagunda inzake. Mtima wonse unafiira psuu.

"Ndiye kuti wanga wakhala wotsegula zaka zonsezi," anatero Liwiro motsitsa mawu.

"Zimenezo mukawauze a makatoni."

Koma dzanja sanalichotse msanga. Chifukwa chiyani? Iye mwini sanadziwe.

Posakhalitsa "inu" anatha. Panatsala "iwe". Foni ya Namausi inayamba kunjenjemera m'thumba ngati ili ndi malungo.

"Wadzuka bwanji, utoto wa moyo wanga?"

"Ndadzuka. Mizere yako dzulo inali yokhota."

"Wowongola ndiwe, dale. Ine pandekha ndine wokhota."

"Kagwire ntchito, iwe!"

"Ntchito yanga ndi kukuganizira. Makatoniwa ndi ganyu chabe."

Ankawerenga, n'kumwetulira yekha. Achemwali ake, namwino amene ankagona naye chipinda chimodzi, anaona zonse ali kusita yunifolomu.

"Wanjinga uja?"

"Ee, achemwali."

"Mng'ono wanga, anthu a njinga amasunga makomo ambiri m'mutu."

"Ndi ntchito yake imeneyo."

"Ndikunena zomwezo."

Namausi anaseka. Anawaponyera pilo. Achemwali amadziwa za majekeseni, za chikondi angadziwe chiyani?

Liwiro anali ndi mutu. Anaphunzira kusankha makulidwe a mzere, kuusandutsa wa madontho, kusakaniza mitundu iwiri kuti isungunukirane m'kati mwa chinthu chimodzi. Miyezi itapita, anabwera akuthamanga. Shopu ina ya zikwangwani, mumzinda wakutali, inali itamulemba ntchito.

Pokwerera mabasi panali phokoso, utsi, ogulitsa madzi. Liwiro anamugwira Namausi manja onse awiri.

"Zonsezi ndi iwe, duwa langa. Ndikangopeza pokhala, ndikutenga. Desiki yako pafupi ndi yanga. Ndikanama, mphenzi indiwombe!"

"Usalumbire. Ingopita."

"Ndiwe woyamba, ndiwe womaliza. Ulembe penapake."

Basi inanyamuka. Namausi anaimabe mpaka utsi unatha.

Mauthenga sanaleke. M'mawa, masana, madzulo. Tsiku lina unabwera umene ankaudikira: "Konzeka, wapamtima. Mwezi uno ukatha, ubwere."

Anapita kwa abwana.

"Abwana, mwezi uno ndi womaliza."

Abwana anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Liwiro?"

"Ee."

"Manja ngati akowa sagulitsa pamsika. Koma pita. Ine sindimanga anthu ngati mbuzi."

Tikiti anagula. Chikwama analongedza, n'kuchikankhira pansi pa bedi. Achemwali ankachiponda dala podutsa.

Sabata yomaliza itayandikira, m'shopu munadzaza anthu. Wina akufuna zomata, wina akukangana za mtundu wa buluu. Foni inanjenjemera.

"Dale, ndili pamoto! Kadi ya kasitomala ndaikulitsa kuti ikhale chinsalu chopachika muholo. Maluwa akula, koma mizere yatsala yoonda ngati tsitsi. Ndikonzere, chonde. Ndiwe wekha dokotala wanga."

Namausi anaseka mokweza. Cholakwa cha ophunzira onse! Ukakulitsa chithunzi osauza mzere kuti ukulire limodzi, umatsala momwe unalili. Anamuuzapo kangati?

Anatsegula fayilo. Maluwa m'mbali monse. Mphete ziwiri zolowana. Nkhunda ziwiri pamwamba. Pakati, mbee, popanda kanthu.

"Mayina a akwati ali kuti?" analemba.

"Kasitomala sanatumize. Iwe ingokonza mizere ya maluwa basi, mfumukazi yanga."

Maluwa anali ambirimbiri. Kuwasankha limodzilimodzi? Ndi mzere wa anthu umenewu? Ayi. Anasankha zonse za patsamba nthawi imodzi. Analemba makulidwe a mzere. Anadina.

Maluwa anadzuka. Nkhunda zinadzuka.

Pakati paja panadzukanso zinthu.

Zilembo. Zikuluzikulu, zopiringizika, za mbee m'kati, mizere yokhayokha. Sizinafufutidwe ayi. Munthu anangozichotsa utoto kuti zisaoneke, n'cholinga choti adzaubwezere yekha pambuyo pake. Tsopano zinali zitalandira mzere pamodzi ndi maluwa.

Dzina loyamba ankalidziwa. Silinali Liwiro. Linali dzina lenileni la mnyamatayo, la pachiphaso, pamodzi ndi la bambo ake. Lachiwiri linali la mkazi. Sanalimvepo chibadwire. Pansi pake panali tsiku la ukwati. Mwezi womwewo.

Anawerenga. Anawerenganso. Mwina ndi wachibale wa dzina lofanana? Mwina ndi nthabwala? Mwina maso atopa? Anakulitsa sikirini mpaka chilembo chimodzi chinadzaza galasi lonse. Sichinasinthe.

"Chemwali, zomata zanga bwanji?" anafunsa kasitomala wa pakauntala.

"Ndikubwera, bambo."

Anatulukira khomo lakumbuyo, kumene amataya zidutswa za mapepala ndi mabotolo a inki. Anamuimbira Liwiro. Inangoitana kamodzi.

"Zatheka, dale?"

"Zatheka. Ndimati ndifunse. Mayinawa ndiike utoto wanji?"

Kumbali inayo kunkamveka magalimoto.

"Mayina ati?"

"Lako. Ndi la mnzakoyo. Sunafufute, Liwiro. Unangochotsa utoto. Unachita ulesi kudzalembanso?"

Anamva mpweya wake ukutuluka wautali.

"Ndimafuna ndikuuze maso ndi maso."

"Liti? Nditatsika basi, chikwama chili pamutu?"

"Mvetsera, wapamtima..."

"Usanditchule choncho!"

"Mtsikanayo ndi woyembekezera. Tinadziwana kalekale, iwe ndisanakuone. Zinali zitatha, ndikulumbira. Nditafika kuno tinangokumananso. Makolo ake andipanikiza. Ndilibe kothawira."

"Ndiye unati, amene andikonzere maluwa ndi Namausi."

"Kuno palibe wodziwa ngati iwe. Ndipo sindikanafunsa anzanga, akanandiseka." Ankaliradi. Chimenecho ndiye chinapweteka koposa. "Amene ndimamukonda ndi iwe. Bwera ndithu. Ndikupezera pokhala. Zinazo tidzaona."

"Ndikabwera, ndidzakhala ndani kumeneko?"

Namausi anakanikiza foni kukhutu.

"Ndafunsa. Pa tsikulo ndidzakhale mpando uti? Kapena ndidzagwirizire chinsalucho kuti chisagwe?"

"Usatero, chonde."

"Ntchito ndasiya, Liwiro! Unadziwa. Ndinakuuza tsiku lomwelo, iwe n'kunditumizira timitima. Sukananena mawu amodzi okha? Amodzi! 'Dikira.'"

"Ndinkaopa kukutaya."

Namausi anatsamira khoma. Linali lotentha ndi dzuwa. Anadikira. Mwina anenanso china. Mwina pali mawu ena padziko amene angakonze zimenezi. Mtima wopusawu unkadikirabe!

Liwiro anakhosomola.

"Nanga... fayilo ija? Makina akudikira kuno."

Anadula foni.

Sanalire pomwepo. Anaona nyerere zikukoka kachidutswa ka pepala lofiira. Anaziyang'ana mpaka zinalowa mumng'alu. Kenako analowa.

Chinsalu chija chinali chikadali pasikirini, chokongola kuposa momwe chinabwerera. Anatseka fayilo. Kompyuta inafunsa ngati asunge zimene wasintha. Anadina ayi.

Abwana anali pamakina odulira, akusenda zomata.

"Abwana."

"Nena."

"Sindipitanso."

Abwana anaima. Anavula magalasi. Anamuyang'ana nkhope.

"Mwana wanga," anatero pomaliza, "mpandowo ndinalonjeza kale munthu. Nayenso ndi mwana wa eni. Wasiya kale kumene anali."

"Ndikudziwa."

"Sindingamubweze."

"Ndikudziwa, abwana."

Apo ndiye misozi inabwera. Yopanda phokoso, yambiri. Abwana anamukokera pachifuwa, manja akadali ndi zidutswa za zomata. Zina zinamatirira kumsana kwa bulauzi yake.

"Lira, koma kutali ndi kiyibodi yanga," ananong'oneza. "Ndiimbira anzanga a mashopu ena. Sindikulonjeza. Wamva? Ine sindilonjeza."

Namausi anagwedeza mutu. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anabwerera padesiki yomwe inali yake kwa masiku ochepa okha. Madzulo kunali achemwali oti awauze. Kunali chikwama choti amasule.

Foni inanjenjemera pafupi ndi mausi.

"Dale, ndikudziwa wakwiya. Koma fayilo ija, chonde."

Anaitembenuza chafufumimba.

"Bambo a zomata," anaitana. Mawu anathyoka pakati. Anayambanso. "Bambo a zomata, bwerani. Munati mtundu wanji?"