Upile ndi Tenti Yosita

Upile ankakhala ku Chinsapo. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kugona mu tenti.

Tenti anaiona pa kalendala ya kusukulu. Inali pafupi ndi madzi. Kuseri kwake kunali phiri. Upile ankaiyang'ana tsiku lililonse.

Loweruka m'mawa, Upile ankathandiza Amayi kuchapa. Zovala zinali mulu. Madzi anali ochepa. Kumpopi kunali kutali. Mzere wake unali wautali.

"Osataya madzi," anatero Amayi.

"Sindikutaya, Amayi."

"Ukutaya. Ndikukuona."

Amayi ankachapa. Upile ankatsukuluza. Kuchapa, kutsukuluza. Kuchapa, kutsukuluza. Mulu sunkatha.

Pii! Pii! Panja panaima kagalimoto koyera. Munatuluka Abambo. Abambo a Upile anali a Gwanda. Ankaika magetsi m'nyumba za anthu. Koma m'nyumba mwawo munalibe magetsi.

"Mayi a Upile! Siyani zimenezo!" anafuula Abambo. "Lero tikagona ku damu!"

Amayi sanadzutse mutu.

"Nyumbayi yapsa?" anafunsa.

"Ayi."

"Ndiye tikagonerenji ku damu?"

Abambo anafotokoza. Ku Malingunde kunali malo a alendo. Anali m'mbali mwa damu. Patsidya pankaoneka mapiri a Dzalanyama. Abambo anali atamaliza ntchito kumeneko.

"Mwini malo wasangalala," anatero Abambo. "Akuti tikagone usiku umodzi. Wandibwereka galimotoyi. Ndipo tikagona mu tenti!"

"Mu tenti!" anakuwa Upile. Analumpha. Anagunda ndowa. Madzi anatayika.

Amayi anayang'ana madziwo. Anayang'ana Upile.

"Anthu ali ndi nyumba, akukagona kutchire," anatero Amayi. "Ine ayi. Ndili ndi zochapa."

"Chonde, Amayi!"

"Chonde sachapa zovala."

Abambo anakanda mutu.

"Malo ake ndi abwinotu," anatero. "Mlendo aliyense ali ndi mzati wake. Pamzatipo pali soketi ya magetsi. Palinso mpopi."

Manja a Amayi anaima m'beseni.

"Mpopi?"

"Mpopi."

"Wopanda mzere?"

"Wopanda mzere."

"Ndi magetsi?"

"Ndaika ndekha."

Amayi anaimirira. Anapukuta manja ku chitenje.

"Upile, tiye tikalongedze."

Amayi anagwada pansi pa bedi. Anatulutsa katoni ya fumbi. Munali ayironi ya magetsi. Inali mphatso ya pa ukwati wawo. Inali ndi zaka zambiri kuposa Upile. Koma inali isanalawepo magetsi.

"Lero tsiku lako lafika," Amayi anauza ayironiyo.

Anavula mashiti pabedi. Anatsitsa makatani. Anamasula maneti a udzudzu. Anatenga mabulangete onse.

"Amayi, munagonapo mu tenti?" anafunsa Upile.

"Tenti ndimaidziwa ine. Ndinakhalamo pa ukwati wa a Salama. Chinthu chachikulu ngati tchalitchi. Chinabwera pa lole."

Upile anathamangira panja. Kumbuyo kwa galimoto kunali kathumba kobiriwira. Kanali kakang'ono. M'kati munkalira tizitsulo.

"Abambo, muli chiyani umu?"

"Ndi tenti imeneyo, mwanangu."

Upile anakasisita kathumbako. Anakanunkhiza. Kankanunkha mvula.

A Salama ankakhala nyumba yoyandikana. Anamva mawu akuti magetsi. Anabwera ndi foni yawo.

"Asisi, mukanditchajireko," anatero.

Kenako anabwera a Levison a pa okala. Anabwera ndi foni yawo. Kenako anabwera a Vaileti oluka tsitsi. Anabwera ndi foni yawo ndi ya achimwene awo. Amayi anaika mafoni onse m'poto. Anavundikira.

"Upile, katenge mapegi ndi chingwe," anatero Amayi. "Fulumira."

Upile anafulumira. Atabwerako, galimoto inali itadzaza. Munali mabeseni. Munali ndowa. Munali mulu wa zovala. Amayi ankatseka chitseko cha nyumba.

"Malo apezeka," anatero Amayi. "Kwerani."

"Tenti ilimo, Abambo?" anafunsa Upile.

"Ilimo. Ndaika ndekha."

Ulendo unayamba. Msewu unali wa fumbi. Unali wa mabampu. Mafoni ankalira m'poto. Gobede, gobede! Ayironi inali pamiyendo pa Amayi ngati khanda.

Kenako Upile anaona madzi. Madzi ambiri! Anaonanso mapiri. Mapiriwo anali ndi mitengo yambiri.

"Ngati pa kalendala!" anakuwa Upile.

Pachipata panali mlonda. Dzina lawo linali a Kizito. Anawaonetsa malo awo. Panali mitengo iwiri. Panali tebulo. Panali mzati. Pamzatipo panali soketi ndi mpopi.

Alendo ena anali atafika kale. Ena ankawedza nsomba. Ena ankawerenga mabuku. Matenti awo anali ofiira ndi achikasu.

Amayi sanayang'ane damu. Sanayang'ane mapiri. Anatsekula mpopi. Madzi anatuluka, waaa!

"Ha!" anatero Amayi. Anatseka. Anatsekulanso. Waaa!

Anamanga chingwe pa mitengo iwiri ija. Anadzaza mabeseni. Anayamba kuchapa. Abambo analumikiza mafoni ku soketi.

"Abambo, tiimike tenti!" anatero Upile.

Anafufuza m'galimoto. Anafufuza pansi pa mabulangete. Anafufuza m'ndowa. Anafufuza kuseri kwa mpando. Kathumba kobiriwira kunalibe.

"Mayi a Upile," anatero Abambo. "Mwakaonako kathumba kobiriwira?"

"Ka tizitsulo tanu kaja? Ndakasiya kuseri kwa chitseko. Kamadya malo a beseni."

"Imeneyo ndiye inali tenti!"

Amayi anaseka.

"Musandinamize. Tenti m'kathumba? Tenti imabwera pa lole."

"Si ya ukwati, mayi. Ndi yogonamo."

Amayi anasiya kuseka.

Upile anathamangira kwa mlonda.

"A Kizito, muli ndi tenti ina?"

"Pepa, mwana. Onse atengedwa."

Upile anathamangira kwa Abambo.

"Tikaitenge, Abambo!"

"Mafuta ndi ochepa, mwanangu. Tikapita, sitibweranso." Abambo anayang'ana pansi. "Sitingagone pamtetete. Zovala zikauma, tibwerera kunyumba."

Upile anatembenuka. Misozi inalengeza m'maso. Anakakhala pansi pa chingwe.

Foni ina inalira. Amayi anaiyankha ndi dzanja la thovu.

"A Salama kulibe. Foni yawo yabwera kudzaona damu."

Foni ina inaliranso.

"A Levison kulibe. Ayi, sindikudziwa ngati buledi wafika."

Upile sanaseke. Dzuwa linawala. Mphepo inawomba. Zovala zinayamba kuuma.

Amayi anayala bulangete patebulo. Analowetsa ayironi mu soketi. Kagetsi kofiira kanayaka. Amayi anasita malaya. Anasita yunifolomu ya Upile. Anasita ngakhale masokosi. Koma ankangocheukira kuchingwe. Kumeneko kunkaoneka timapazi tiwiri.

Upile anali pansi pa shiti yaikulu. Shitiyo inali yoyanika pachingwe. Mbali ina inalendewera kumanja. Mbali ina inalendewera kumanzere. Upile anali pakati.

Mphepo inawomba. Shiti inafufuma. Upile anayang'ana kumwamba. Kunali denga. Anayang'ana kumbali. Kunali makoma.

Upile anapukuta misozi. Anakoka ngodya imodzi. Anaitsindira ndi mwala. Anakoka ngodya ina. Anaitsindira ndi mwala.

"Abambo! Bwerani muone!"

Abambo anabwera. Anasuzumira m'kati.

"Aa! Koma ndi tenti!"

Amayi anabweranso. Manja anali m'chiuno.

"Iwe! Shiti yanga yochapachapa! Pafumbi?"

"Ndi tenti, Amayi."

"Ndi shiti."

"Ndi tenti ya shiti."

"Chotsa miyalayo."

Upile anagwira mwala. Koma sanauchotse. Anayang'ana Amayi. M'masaya mwake munali tinjira ta misozi.

Amayi anayang'ana shiti yawo. Inali yoyera mbee. Anayang'ana mwana wawo. Anapumira m'mwamba.

"Tenti yake yamakwinya chonchi?" anatero. "Alendowa atiseka. Bweretsa kuno."

Amayi anatenga shiti ija. Anaiyala patebulo. Anaisita bwinobwino. Anasitanso ina. Anasita makatani. Anasita chitenje cha maluwa.

"Ngati ndi tenti, ikhale tenti yosita," anatero Amayi.

Onse anagwira ntchito. Abambo anakunga chingwe. Upile anatola miyala. Amayi anapana mashiti ndi mapegi. Mashiti anakhala denga. Makatani anatseka kumbuyo. Chitenje cha maluwa chinakhala chitseko. M'kati anamangamo neti. Pansi anayala mphasa ndi mabulangete.

Panatsala kabowo pakona. Upile anatsekapo ndi thalauza la Abambo.

"Nanga mawa ndivala chiyani?" anafunsa Abambo.

"Mawa ndi mawa," anatero Amayi.

A Kizito anabwera. Anaizungulira tentiyo. Anavula chipewa.

"Matenti ndawaona ambiri," anatero. "Koma yosita ndi yoyamba."

Upile anaima pachitseko.

"Vulani nsapato," anauza Abambo. "Muno ndi mochapa."

"Wamva kwa ndani zimenezo?" anafunsa Amayi.

"Kwa inu, Amayi."

Anadya mbatata ndi tiyi. Tiyiyo anawiritsa pa ketulo ya a Kizito. Kenako analowa mu tenti. Abambo anagona uku. Amayi anagona uko. Upile anagona pakati.

Tenti inkanunkha sopo. Kunja achule ankaimba.

"Amayi, mukumva achule?" anafunsa Upile.

Amayi anali atagona kale.

M'mawa Upile anadzuka woyamba. Padenga pankayenda chinthu. Tapa, tapa, tapa! Upile anasuzumira panja. Anali pusi wochokera m'nkhalango. Mapazi ake anali a matope.

Pusi anayenda pa shiti yoyamba. Anayenda pa shiti yachiwiri. Anatola pegi. Anailuma. Anaitaya. Anathawira mumtengo.

Amayi anatuluka. Anaona timapazi ta matope. Tinali padenga ponse.

"Pusi iwe!" anakuwa. "Ukudziwa mtengo wa sopo?"

Pusi anangodzikanda m'mimba.

Upile anaseka. Abambo anaseka ali m'bulangete. Thalauza lawo linali likadali pakona. Amayi analuma mlomo. Kenako nawonso anaseka.

"Ndichapenso," anatero Amayi. "Mpopi ulipo."

"Nthawi yatha, mayi," anatero Abambo. "Mwini galimoto akuidikira."

Amayi anapinda mashiti a matope. Anadzaza ndowa zonse ndi madzi. Anabweza ayironi m'katoni. Kenako anasisita mpopi uja.

"Tsala bwino," anauuza.

Ku Chinsapo anthu ankadikira pakhomo. A Salama analandira foni yawo. A Levison analandira foni yawo. A Vaileti analandira yawo ndi ya achimwene awo.

"Damu munaliona bwanji, asisi?" anafunsa a Salama.

"Mpopi wake ndi wamphamvu," anatero Amayi.

Kathumba kobiriwira kanali kuseri kwa chitseko. Abambo anakatulutsa pabwalo. Anakamasula. Analumikiza tizitsulo. Tenti inaima. Inali yaing'ono. Inali yamakwinya.

Amayi anaizungulira. Anasuzumira m'kati.

"Ndi imeneyi? Imene timalirira?"

Upile analowamo. Anakhala pang'ono. Anatuluka.

"Yathu inali yabwino kuposa iyi," anatero.

"Inali yosita," anatero Amayi.

Anatenga beseni. Anathiramo madzi a ku Malingunde. Anaviika shiti ya timapazi ta pusi. Mulu wa mashiti unali pambali.

"Upile, bwera udzatsukuluze."

Upile anabwera. Anapinda manja a diresi.

"Amayi, ikauma tidzamanganso tenti?"

"Iyambe yauma. Osataya madzi."

"Sindikutaya, Amayi."

"Ukutaya. Ndikukuona."