Chimanga cha Magweru

Ndaziona ankakhala ku Chinyonga ndi amayi ake. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti agogo ake azidya.

Agogo ake anali a Gervazio. Iwo anachokera kumudzi, ku Phalombe. Munda wawo unapita ndi madzi. Nyumba yawo inapitanso ndi madzi. M'tauni anabwera ndi kachikwama kamodzi ndi khasu.

Khasulo analiimika kuseri kwa chitseko. Linangokhala pomwepo.

Tsiku lililonse agogo ankakhala pakhonde. Ankayang'ana mpanda wa njerwa. Sankayankhula. Sankaseka. Chakudya ankangochilawa.

"Ababa, idyani," amayi ankawapempha.

"Ndakhuta, mwanangu," agogo ankayankha.

Koma sanali okhuta. Thalauza lawo linayamba kuwakulira.

Tsiku lina amayi anabwera ndi chimanga chootcha. Anachigula pa Chichiri pochokera kuntchito.

"Ichi ndiye mumachikonda, ababa," anatero amayi.

Agogo anachinunkhiza. Kenako anachiluma. Chimangacho chinali cholimba gwa! Agogo anali ndi mano anayi okha. Anachibweza m'mbale.

"Ine mlimi," anatero agogo, "lero chimanga chandikana."

Amayi anapukusa mutu. "Mukapitiriza chonchi, akakugonekani kuchipatala."

Ndaziona anamva chisoni. Anachitanso mantha. Chimanga chake sanachimalize.

Kusukulu Ndaziona anali ndi mnzake. Dzina lake anali Esha. Tsiku lina Esha anabweretsa chimanga chophika. Chinali chachikasu. Anamubenthulirako Ndaziona.

Ha! Chinali chofewa. Chinali chotsekemera ngati nzimbe.

"Ichi ndi switikoni," anatero Esha. "Amayi amadzala kuseri kwa nyumba."

"Munthu wa mano anayi angadye?" anafunsa Ndaziona.

"Ngakhale mwana wathu wa mano awiri amadya!"

"Undipatseko chimodzi cha agogo anga."

"Pepa, ichi chinali chomaliza," anatero Esha. "Koma mbewu ilipo."

M'mawa mwake Esha anabweretsa bokosi la machesi. M'bokosimo munali mbewu khumi. Zinali zazing'ono. Zinali zokwinyika.

Kunyumba amayi anaziyang'ana. "Izi ndi mbewu kapena zinyalala?"

Agogo anaziyang'ananso. "Sizimera izi," anatero. Anatembenukira kumpanda kuja.

Ndaziona anatenga khasu la agogo. Linali lolemera. Analikoka mpaka kuseri kwa nyumba.

Kuseriko malo anali ochepa. Uku khoma la nyumba, uku mpanda. Pakati panali kanjira kopapatiza. Ndaziona anakumba mapando mu mzere umodzi. Anadzala mbewu zisanu ndi ziwiri. Malo anathera pomwepo. Mbewu zitatu zinatsala m'bokosi.

Anathirira m'mawa. Anathirira madzulo. Masiku ena madzi ankasiya pampopi. Ndaziona ankathirira ndi madzi otsukira ndiwo.

Mbewu zonse zinamera!

"Agogo, zamera! Bwerani mudzaone!"

"Chabwino," anatero agogo. Koma sanadzuke.

Patapita masabata atatu, kunabwera nkhuku. Zinali za nyumba yoyandikana nayo. Nkhuku zimenezi zinalibe ulemu. Zinapalasa. Zinajompha. Zinawononga mbewu zitatu.

Ndaziona analira. Kenako anatsegula bokosi la machesi lija. Anadzala mbewu zitatu zotsala. Anatchinga ndi neti yakale.

Anathirira m'mawa. Anathirira madzulo. Agogo ankangoyang'ana mpanda. Thalauza lawo linkangowakulirakulira.

Chimanga chinakula. Mapesi anayi anali aatali. Mapesi atatu anali aafupi. Aatali aja anatulutsa ngayaye pamwamba. Kenako anabereka. Ana ake anatulutsa ndevu. Ndevuzo zinada, zinauma.

"Ndevu zikauma, uthyole," anatero Esha kusukulu. "Ukachedwa, kukoma kumathawa."

Ndaziona anathamangira kunyumba. Anathyola chimanga choyamba. Anasenda makoko.

Mayo ine!

Chinali cha magweru. Njere imodzi apa. Njere ina apo. Pakati ponse panali mbee.

Anathyola chachiwiri. Magweru.

Anathyola chachitatu. Magweru.

Anathyola chachinayi. Magweru okhaokha.

Ndaziona anakhala pansi, pafumbi. Anaganiza za madzi onse aja. Anaganiza za chipatala. Analira kwambiri.

Agogo anamva kulirako. Anamvetsera. Kenako anagwira khoma. Anadzuka pang'onopang'ono. Anayenda mpaka kuseri kwa nyumba. Aka kanali koyamba kufikako.

"Ukuliranji, mdzukulu wanga?"

"Ndimafuna kuti mudye, agogo. Taonani."

Agogo anatola chimanga chimodzi. Anachitembenuza uku ndi uku.

"Chafanana ndi ine," anatero.

Ndaziona sanaseke. Agogo sanasekenso.

Agogo anayang'ana khoma la nyumba. Anayang'ana mpanda. Anayang'ana mzere umodzi uja.

"Sunalakwe pothirira," anatero. "Sunalakwe popalira. Koma kuno mphepo sifika."

"Mphepo?" anafunsa Ndaziona.

"Inde. Ukuziona ngayaye pamwambapo? Zili ndi fumbi lachikasu. Fumbilo liyenera kugwera pa ndevu. Ndevu imodzi, njere imodzi. Kumunda chimanga chimakhala chambiri. Mphepo imatenga fumbi la ichi, n'kupatsa icho. Kuno chaima chokhachokha, ngati anthu odikira minibasi."

"Ndiye basi zathera pompa?"

Agogo anawerama. Anagwira mapesi atatu aafupi aja. Ngayaye zake zinali zitangotuluka. Ndevu zake zinali zanthete.

"Kwa awa sitinachedwe," anatero agogo. "Mawa mame akauma, ubwere ndi mbale. Mphepo tikhala ifeyo."

M'mawa mwake linali Loweruka. Ndaziona anabwera ndi mbale. Anapeza agogo atafika kale.

Agogo anaweramitsa ngayaye. Ndaziona anatchera mbale.

"Gwedeza," anatero agogo.

Ndaziona anagwedeza. Fumbi lachikasu linagwera m'mbale.

"Tsopano waza pa ndevu."

Ndaziona anawaza. Anawaza pa chimanga choyamba. Anawaza pa chachiwiri. Anawaza pa chachitatu.

Lamulungu, asanapite kutchalitchi, anagwedeza ndi kuwaza. Lolemba Ndaziona anapita kusukulu. Agogo anagwedeza ndi kuwaza okha. Kenako anatenga khasu lawo. Anaunjikira dothi m'tsinde mwa mapesi.

Madzulo agogo anafunsa, "Christina, kuli chakudya?"

Christina linali dzina la amayi. Amayi anadabwa. Anawaphikira phala. Agogo anadya theka.

Ndaziona anadikira. Sabata yoyamba inatha. Sabata yachiwiri inatha. Mtima wake sunakhazikike. Nanga chikakhalanso cha magweru? M'bokosi la machesi munalibenso mbewu.

Sabata yachitatu ndevu zinauma.

"Thyola," anatero agogo.

"Ndikuopa, agogo."

"Inenso ndikuopa. Thyola."

Ndaziona anathyola chimodzi. Anatsinzina. Anasenda makoko. Kenako anatsegula diso limodzi.

Chinali chodzaza! Njere zinali ndondondo, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Agogo anaboola njere imodzi ndi chikhadabo. Munatuluka madzi oyera ngati mkaka.

Ndaziona anathyola chachiwiri. Chinalinso chodzaza!

"Amayi! Amayi! Terekani madzi!" anafuula ndi chimwemwe.

Madzi anawira. Amayi anaikamo chimanga chiwiri chija. Anathira kamchere pang'ono. Anavundikira poto.

"Tiyeni tikhale pansi," anatero amayi. "Chimanga chimachedwa kupsa."

"Ayi, amayi. Ichi sichichedwa. Esha anandiuza."

Ndaziona anaimba nyimbo ziwiri za kusukulu. Nyimbo zitatha, amayi anaphula poto. Fungo linadzaza nyumba yonse.

Onse atatu anakhala pakhonde. Ndaziona anapereka mbale ndi manja awiri.

"Agogo, idyani."

Agogo anachinunkhiza. Anachiuzira. Kenako anachiluma ndi mano awo anayi.

Ndaziona anawayang'anitsitsa. Amayi anawayang'anitsitsanso.

Agogo anatafuna. Analumanso. Anatafuna. Analumanso. Madzi ake anayenderera mpaka pachibwano. Anamaliza chimanga chonse. Anayamwa ndi chitsononkho chomwe.

"Ichi sichinandikane," anatero agogo.

Anaseka. Magweru awo onse anaoneka. Amayi anapukuta misozi ndi chitenje. Anathyola chimanga chachiwiri pakati. Anagawana ndi Ndaziona.

"Agogo, kwatsala chimodzi," anatero Ndaziona. "Ndikathyole? Mudyenso."

Agogo anamugwira dzanja.

"Ayi. Chimenecho chisiye chiume. Ndi mbewu yathu. Ulendo uno tidzala kumaso kwa nyumba, kumene kuli mphepo. Tidzala mizere inayi."

"Tidzala ndani, agogo?"

"Iwe ndi ine," anatero agogo. "Khasu lija lakulemera mokwana."