Mapiritsi a mu Nsapato

Chitseko cha sitolo ya mankhwala chinamenyeka kukhoma mpaka mabotolo a pashelefu analira. Mwini sitoloyo, mayi amene anthu ankangowatchula kuti Amankhwala, anatukula mutu. Pakhomo panali asewere awo, mayi a mwamuna wa mwana wawo wamkazi, nkhope ili ndwii, ndipo kumbuyo kwawo kunali mkamwini, maso ali psuu.

Mwana wa Amankhwala, amene anaphunzira ntchito yomweyo ndipo makasitomala ankamuti Kadotolo, anali akulongosolera agogo ena kamwedwe ka mankhwala. Atangoona mwamuna wake, anabwerera m'mbuyo. Mwamunayu ndi yemwe kale ankabwera sabata iliyonse kudzagula mankhwala a chifuwa asakutsokomola, n'kumusiyira duwa pakauntala.

"Takulandirani asewere," anatero Amankhwala. "Kwagwanji m'mawa uno?"

"Malonje pambuyo." Asewere aja anatulutsa kabotolo ka mavitamini n'kukakhuthula. Timapiritsi ting'onoting'ono tinabalalika pagalasi. "Ndatipeza mu nsapato ya mwana wanuyu. Mavitamini amakhala mu nsapato? Chikwatiwireni, m'nyumba ya mwana wanga simunalirepo khanda. Inu mumadzitama kuti mankhwala mumawadziwa ngakhale mutatsinzina. Tiuzeni, n'chiyani ichi?"

Amankhwala anatola kamodzi. Sanafunike n'kuvala mandala omwe. Anali mapiritsi akulera.

Tsiku ndi tsiku ankaima phewa ndi phewa ndi mwanayu, aliyense akuonanso zimene mnzake walongedza zisanapite kwa wodwala, koma izi zinawadutsa. Anayang'ana Kadotolo. Maso ake ankawachonderera. Ndipo iwo, chiyambireni ntchito, anali asananamepo za mankhwala.

"Mankhwala ochotsedwa m'pepala lake sinditchula dzina," anatero pang'onopang'ono. "Lamulo limenelo ndi la aliyense, ngakhale asewere."

Mkamwini anaseka kuseka kozizira. "Ndiye kuti mwawadziwa, amayi. Akanakhala mavitamini mukanangonena."

Anakankha kachitseko ka pakauntala n'kulowa mkati. Anagwira mkazi wake tsitsi ndi kumumenyetsa mutu kushelefu. Mabotolo anagwa n'kusweka, mankhwala ofiira amadzimadzi n'kuyenderera pa chovala chake choyera cha ntchito. Agogo aja anathawira panja akukuwa.

"Ukundiphera ana! Anthu akundiseka kuti sindine mwamuna, chonsecho mfiti ndiwe!"

"Mulange!" anakuwa asewere aja. "Sukulu yamulowa m'mutu ameneyu!"

Kadotolo anayesa kudzipulumutsa. Mwamunayo anamukoka mkono, ndipo dzanja la chovalacho linang'ambika kuchokera paphewa. Amankhwala anaona zimene manja ataliatali aja ankabisa, ngakhale m'masiku otentha: mikwingwirima yakale ndi yatsopano, ndi chipsera cha simbi chooneka bwinobwino nsonga yake.

Pambali pa sikelo panali kamunsi kamwala kosinjira mapiritsi a ana. Amankhwala sanadziwe kuti anakatola liti. Mkamwini atakweza chibakera, anamumenya nako padzanja ndi mphamvu zonse za ubereki. Panamveka thyo! Iye analira ngati galu wopondedwa, n'kugwada pa magalasi osweka.

"Mwandithyolera mwana!" asewere anawalumphira ndi zikhadabo.

Amankhwala anawakankhira kutali. "Wanu ndiye mwana, wanga ndi ng'oma? Munafunsa dzina la mankhwala. Imvani: ndi akulera. Ndipo ndikanadziwa kuti akugona ndi chilombo, ndikanamupatsa ndekha ndi manja angawa."

"Mwamva nonse!" anakuwa asewere, akutembenukira anthu amene anali atadzaza pakhomo. "Wakana kubereka dala!"

Kadotolo anadzuka atagwira shelefu. Magazi ankatsika pachipumi n'kusakanikirana ndi misozi.

"Sindinakane, amayi," anauza apongozi ake. "Ndinaima chaka choyamba chomwe. Mwaiwala? Mwana wanu anandiponda pamimba chifukwa ndinachedwa kutseka sitolo. Ndinu munakolopa magazi m'bafa. Ndinu munanditsina pakamwa kuti ndikauze amayi anga kuti ndadwala malungo. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti sindidzaikanso mwana pamene pamafika nsapato yake."

Asewere anayang'ana kumbali. Mayi wina wogulitsa zipatso pakhonde analavula malovu pansi.

"Wokondedwa," anatero mkamwini atafungatira dzanja lake lolendewera, mawu atasanduka a mnyamata wa maluwa uja. "Tiye kunyumba tikakambirane. Taona ndapweteka. Ndimange dzanjali, ntchito yako ndi imeneyi."

Kadotolo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali atamukonda munthuyu mpaka kupusa.

"Chipatala chili kumtunda kwa msewu," anatero. "Ukafotokoze bwino mmene lathyokera. Ine ndikafotokozanso zanga kupolisi."

Amuna awiri a pakhomo anamugwira m'khwapa n'kumutulutsa. Mayi ake anatsatira akudziphimba kumaso ndi chikwama, amayi a pakhonde akuwawooza mpaka pakona. Amankhwala anamenyetsa chitseko n'kuchikhoma.

M'kachipinda kakumbuyo, pakati pa makatoni, anakhazika mwana wawo pampando. Anatenga thonje ndi mankhwala otsukira zilonda.

"Tsiku lililonse uli pambali panga," anatero akulira. "Ndimaona cholakwika pa kalembedwe ka dotolo, koma osaona mwana wanga. Unandibisiranji?"

"Munkamukonda, amayi. Munkati ndinapeza mwamuna waulemu."

"Waulemu! Ndikanamenya mutu."

Kadotolo anaseka, kusekako n'kusanduka kulira. Anatsamira pachifuwa pa mayi ake ngati kamwana.

"Kumeneko subwererako, ngakhale kukatenga supuni," anatero Amankhwala. Anamupukuta chipumi, kenako anayamba kumasula mabatani a chovala chong'ambikacho. "Vula, ndione."

"Zonse, amayi? Kumsanaku n'koipa."

"Zonse, mwana wanga. Lero sitigulitsa. Wodwala wanga ndi mmodzi."